Katoni ya Kapinki

Dilu yonseyi inabadwira pa tebulo la miyendo itatu ndi theka, m'bala ya kuseri kwa siteji ya mabasi, Lachitatu masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu a ntchito anali kuntchito. M'balamo munali ntchentche, wailesi yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi akuluakulu atatu amene ankadzitcha "kampani."

Bwana wa kampaniyo anali Kolala. Dzinali analipeza chifukwa kolala ya shati yake sinkagona. Ankaidzutsa mpaka m'makutu ngakhale kutenthe bwanji. Wachiwiri anali Giya, mwini galimoto yofiira yomwe inali ndi zonse kupatula livesi. Inkapita kutsogolo kokha, ndipo Giya ankati ndilo khalidwe la mwamuna. Wachitatu anali Chimfine, bambo wa ana amapasa, munthu wofatsa amene mphuno zake zinatsekeka chaka chomwe anakwatira, osatsegukanso. Kumuika pa dzala kapena m'munda wa maluwa, kwa iye zinali chimodzimodzi.

Kampaniyi inali isanabepo chinthu chaphindu. Chachikulu chomwe anaphulapo chinali geti ya chitsulo, ndipo anaibweza okha atazindikira kuti galu wa nyumbayo anali womangirira pa getipo.

"Amwene, tcherani khutu," anatero Kolala. "Mbava zosaphunzira zimaba kanema. Kanema ngolemera, mwini wake amamudziwa, ukamugwetsa watha. Ife tikaba chinthu chopepuka, chodula, chomwe umboni wake umauluka wokha ndi mphepo."

"Nkhunda?" anafunsa Chimfine.

"Perefyumu, mbuzi iwe!"

Nkhaniyi Kolala anaitola ku saluni ya mkazi wake, komwe ankakhala tsiku lonse pa benchi ngati katundu woiwalika. Amayi onse obwera kudzakonzetsa tsitsi ankakamba chinthu chimodzi: Madamu, mwini shopu ya zonunkhira ya pa msewu waukulu, walandira katoni ya perefyumu watsopano amene m'tauni yonse palibe anamununkhizapo. Adzayamba kugulitsa Loweruka. Dzina lake linali la chilankhulo chopinda lilime, choncho amayiwo ankangoti Kapinki, potengera botolo lomwe anaona pa chithunzi.

"Loweruka azimayi adzapondana pakhomo pa Madamu," anapitiriza Kolala. "Adzapeza mulibe. Nanga Kapinki kadzakhala kuti? Kwa ife. Mtengo tidzanena tokha, titapinda mwendo."

Anayala mapu pa tebulo. Botolo la mowa linali shopu, chitsekerero chinali iye, bokosi la machesi linali galimoto. Mawa masana wogulitsa wa m'shopumo akapita kukadya, Madamu adzatsala yekha. Kolala adzalowa ngati bwana wofuna mphatso ya mkazi wake, n'kumuchedwetsa. Chimfine adzabwera ngati wopopera mphemvu, n'kulowa m'chipinda cha katundu, n'kutulutsa katoni pa chitseko chakuseri. Kumeneko Giya adzakhala akudikira, injini ikulira.

"Mphindi zisanu. Phee, ngati mphaka pa matiresi. Pali funso?"

"Shopu yapita kuti?" anafunsa Giya.

Shopu inali pakamwa pa Chimfine. Anali ataimwa kale theka.

"Pepani, bigi," anatero akuibweza pa mapu. "Ine bola tsiku limodzi ndilowe m'nyumba nditanyamula kanthu. Make mapasa amandiyang'ana ngati mpando wothyoka. Kutaya sakufuna, kukhalapo sangathe."

"Loweruka adzakutcha bwana," anatero Kolala, ndipo anagundanitsa mabotolo.

Lachinayi, wogulitsa uja atangokhota pa kona, Kolala analowa m'shopu atavala suti yobwereka yomwe manja ake ankathera pakati pa mkono. Madamu anali kuseri kwa kauntala, mayi wa zaka makumi asanu, magalasi akulendewera pa tcheni. Mphuno yake inali yotchuka. Ankati ikhoza kukuuza sopo amene unasambira dzana.

"Takulandirani, bambo. Tikuthandizeni?"

"Ndikufuna kanthu ka madamu anga. Zotchipa ayi."

Asanayankhidwe, pakhomo panatulukira Chimfine mu ovolosi, mpope kumsana, mu mpopemo muli madzi a pampopi.

"Odi! Eni nyumba atituma. Za mphemvu."

"Muno mulibe mphemvu," anatero Madamu.

"Ndiye kuti zabisala, mayi. Zimenezo ndiye zoopsa."

Madamu anapukusa mutu n'kumulozera chitseko chamkati. "Musapopere pafupi ndi makatoni." Kenako anatembenukira kwa Kolala. "Ndiuzeni za akazi anu. Perefyumu sasankhidwa ngati ndowa. Ndi munthu wotani?"

Apa Kolala anayenera kungotchula mkazi wake weniweni, Anti Saluni, mayi wamfupi, wojintcha, amene akanong'ona agalu a mzere wachitatu amauwa. Koma bodza likayamba kukoma silimva mabuleki.

"Ndi wamtali," anatero akuyang'ana kudenga. "Wowonda m'chiuno. Akamayenda simumva mapazi. Mawu ake ngati madzi a m'kapu. Sanandikalipirepo chikwatirane."

"Muli ndi mwayi. Bweretsani dzanja."

Anamufayira kamodzi kuchokera m'botolo lakuda. Kolala anapaka manja ngati akusamba, n'kuika mphuno pomwepo.

"Ayi, ayi, bambo! Osatikita. Mwapha fungo. Ndipo musamathamangire. Poyamba mumamva mowa wokha. Dikirani, limasuke."

"Ndimadziwa," anatero Kolala. "Ndimangokuyesani." Ananunkhiza motseka maso. "Mmm. Muli ka... ka mtengo. Ndi ka ndalama."

"Ameneyo ngwa usiku, ngolemera. Akazi anu sangawayenere. Yesani uyu."

Anamufayira wachiwiri pa dzanja lina, wachitatu pa chigongono, wachinayi pa kapepala. M'chipinda chamkati munamveka chinthu chikugwa, kenako kuyetsemula.

"Mphemvu!" anafuula Chimfine. "Yaikulu! Musabwere!"

Kolala anakweza mawu msanga. "Nanga palibe wina woposa awa?"

Madamu anavula magalasi, nkhope yake n'kufewa ngati akukumbuka chibwenzi chakale. "Alipo, koma mudikire Loweruka. Katoni sindinaitsegule n'komwe. Ndinamununkhiza kamodzi kokha, kwa amene amandigulitsa, ndipo mphuno yanga sinamuiwale. Amayamba ndi pichesi wakupsa, ndi ka apozi wowawasa pang'ono kuti asanyong'onye. Pakapita mphindi khumi zipatso zimapatuka, pamabwera maluwa oyera, aja amanunkhira mvula ikangokata. Madzulo amatsala ngati nsalu yochapa bwino. Safuula ameneyo. Kamodzi pa dzanja, kamodzi pakhosi, basi. Munthu azimva akakuyandikira, osati ali kutsidya kwa msewu."

"Ndidzabwera Loweruka," anatero Kolala, mumtima akuseka. Anatuluka akuyenda ngati mwini banki.

Kuseri kwa shopu anapeza katoni ili kale m'buti. Anapezanso kuti kanjira kakuseriko kanathera pa khoma, ndipo Giya anali atalowa ndi mutu. Galimoto inali itayang'anizana ndi njerwa, injini ikulira mokhulupirika.

"Unati ndikhale pafupi ndi chitseko," anatero Giya. "Za kutuluka sunanene."

Mphindi zisanu zija zinakhala makumi awiri. Kolala mu suti ndi Chimfine mu ovolosi anagwira boneti n'kuyamba kukankha chammbuyo, kukwera kamtunda. Thukuta linatsika. Kolala ya Kolala inagona koyamba m'mbiri yake. Ali pakati, anamva mawu kumbuyo.

"Mukutani kuno, akuluakulu?"

Anali mlonda wa mashopu a mzerewo, chimphona cha munthu, chibonga m'manja. Chimfine anayamba kale kukweza manja.

"Livesi yafa, achimwene," anatero Kolala.

"Aa, nanga osanena?" Mlondayo anaika chibonga pansi, n'kukankha yekha galimoto mpaka pa msewu. Anawabayibitsanso. "Muyende bwino! Koma kumbuyoku mwanyamula chiyani, miyala?"

Ku galaja ya Giya, pakati pa matayala akutha ndi zitini za oyilo, kampani inatsegula katoni. Munali timabokosi makumi awiri ndi tinayi. Kolala anasolola kabotolo kamodzi, kapinki, kozungulira ngati dzira, n'kukakweza kudzuwa.

"Wamalonda weniweni amadziwa katundu wake," anatero. "Bweretsani manja. Osatikita! Mukatikita mwapha."

Anafayira Giya, anadzifayira yekha pakhosi ndi pa tayi. Giya ananunkhiza n'kukwinya nkhope.

"Akumveka ngati juwisi."

"Ndi pichesi ameneyo, mbuli iwe. Dikira mphindi khumi, kubwera maluwa."

"Achokera kuti?"

"Ali momwemo. Amadikira nthawi yawo."

Giya anakhala pa tayala n'kumayang'ana dzanja lake, kudikira maluwa. Patapita kanthawi ananunkhizanso, maso ake n'kutuluka. "Aise! Abweradi! Ngati ukudutsa pa mpanda wa anthu olemera." Anadziwonjezera kawiri kuseri kwa makutu kuti aone ngati abwerenso.

Chimfine analanda botolo. Anafayira dzanja, ananunkhiza. Palibe. Anafayira lina. Palibe.

"Amwene, atipusitsa. Awa ndi madzi."

"Mphuno zako ndi zimene zili madzi."

"Ndikuti mulibe kanthu umu!" Anavula ovolosi, anafayira shati kutsogolo, m'khwapa monse muwiri, m'tsitsi, pamimba. Anafayira m'mwamba n'kulowa mu nkhunguyo kukamwa kuli yasa. Pofika pomwe Kolala anamulanda, botolo linali litatsika kupitirira theka, ndipo Giya anali panja akutsokomola.

"Mwina ka kutali," anavomera Chimfine. "Ngati munthu akusenda lalanje m'nyumba ya aneba."

Anagwirizana kuti katoni igone m'buti, aliyense apite kwawo ngati palibe chachitika, ndipo Giya adzamutenge Kolala ku saluni dzuwa likapendeka kuti akaonane ndi ogula.

Ulendo wa Chimfine wopita kunyumba anthu akuukambabe. Mu minibasi kondakitala anatsegula mawindo onse. Agogo ena anamufunsa ngati wagwera mu mphika wa jamu. Atatsika, njuchi zitatu zinamuperekeza, n'kukaitana anzawo. Iye ankangozipikitsa ndi chipewa, akudabwa kuti lero dziko lamukonda bwanji.

Make mapasa anali pakhonde akusita. Ntchito yake inali yochapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo zaka khumi ndi ziwiri za mashati a amuna a eni zinamuphunzitsa kuwerenga kolala ngati nyuzipepala. Mwamuna wake asanatsegule geti, anaimika simbi.

"Imani pomwepo, bambo a mapasa."

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Anamuzungulira kamodzi, pang'onopang'ono, mphuno ili m'mwamba.

"Ndi ndani?"

"Ndani chiyani?"

"Mwini fungoli. Si sopo wanga uyu. Si mafuta anga. Ine mafuta anga ndi a m'chitini, aja mumati akutha msanga. Uyu ndi mkazi wa nsapato zazitali. Ndipo sanangokupatsani moni." Ananunkhiza m'khwapa, n'kubwerera m'mbuyo atagwira pamtima. "Mpaka m'khwapa, abambo inu? Mpaka m'tsitsi?"

"Mwina ndi mu minibasi. Tinapanikizana."

"Anakhala pamutu panu?"

Apa mayiyo sanakalipe, ndipo n'zimene zinamuopsa Chimfine. Anakhala pa mpando, maso atadzaza misozi. "Ndakudyetsani zaka zonsezi ndi manja awa. Anzanga amati, musiye, alibe ntchito. Ine ndimati, alibe ntchito koma ndi wanga ndekha. Chimenecho chokha ndi chomwe ndinali nacho."

Chimfine anaganiza msanga. Kunena zoona kunali kugulitsa kampani. Kukhala chete kunali kutaya banja. Anasankha njira yachitatu, ya anthu opusa.

"Ndinali ndi Kolala tsiku lonse. Kafunseni."

"Tiyeni," anatero make mapasa. Anazimitsa simbi, anauza aneba kuti amuonere ana akabwera kusukulu, n'kumugwira lamba wa thalauza.

Ku saluni anapeza Anti Saluni akuwongola tsitsi la kasitomala ndi chipeso chamoto, Kolala ali pa benchi yake akuwerenga nyuzipepala ya mwezi watha. Chimfine atangolowa, fungo la mankhwala a tsitsi linathawa pawindo.

"Asisi, pepani kukusokonezani," anatero make mapasa. "Awa akuti anali ndi alamu tsiku lonse."

"Zoona zimenezo, alamu," anatero Kolala mwachangu. "Sitinasiyane ngakhale mphindi imodzi."

"Ngakhale imodzi?"

"Pomwe anali iye, ine ndinali pomwepo."

Anti Saluni anasiya mutu wa kasitomala theka. Anayandikira mwamuna wake chipeso chikufuka utsi, n'kununkhiza tayi.

"Ndimadabwa," anatero ndi kunong'ona kwake kuja kogwedeza magalasi. "Chilowereni iwe ndimamva kafungo, ndimati ndi kasitomala. Asisi, tanunkhizani apa."

Make mapasa ananunkhiza. "Ndi yemweyo."

"Yemweyo!"

Panja panalira hutala. Giya analowa akuzunguza makiyi pa chala, akumwetulira. "Bigi, tiyeni, nthawi ya... Moni, alamu. Moni, alamu enanso."

Amayi awiriwo anamuyandikira wina uku wina uku, n'kununkhiza kuseri kwa makutu.

"Mayo ine!" anafuula Anti Saluni. "Atatu onse! Mkazi mmodzi!"

Makasitomala anatulutsa mitu m'makina oumitsira tsitsi. Wina anayamba kale kuimba foni.

"Fungo ili si la pamsika," anatero Anti Saluni. "Ndagwira mitu ya akazi a tauni ino zaka makumi awiri, ili sindinalimvepo. Wogulitsa zotere ndi mmodzi yekha, ndipo amadziwa aliyense amene amagula kwa iye. Tikamufunse Madamu. Lero lomwe ndimudziwe mkazi ameneyu."

"Kwa Madamu ayi!" anakuwa amuna atatuwo pamodzi, ngati kwaya.

"Mwaona, asisi? Akumuteteza. Giya, liza galimoto."

Anakwera. Anti Saluni anakhala kutsogolo ndi chipeso chake, make mapasa kumbuyo pakati pa amuna awiri, dzanja lili pa lamba uku ndi uku. Giya anayesa kukhotera kolakwika, chipeso chinayandikira khutu lake, galimoto inawongoka yokha. Motero katoni ya Kapinki, itayenda tauni yonse, inabwerera kwawo pa galimoto yomweyo, n'kuima pakhomo penipeni pa shopu. Make mapasa anazula makiyi n'kuwaponya m'bulauzi.

Madamu anali akupukuta kauntala kukonzekera kutseka. Ataona Kolala, anamwetulira.

"Bambo aja a masana! Mwalephera kudikira Loweruka? Nanga akazi anu aja mwawasiya kuti?"

"Akazi ake ati?" anafunsa Anti Saluni.

"Aja aatali, owonda m'chiuno. Oyenda mosamveka mapazi. Akuti sanawakalipirepo chikwatirane." Madamu anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo womwe sunali wautali. "Inu ndinu achemwali awo?"

Zomwe zinatsatira sizilembeka zonse. Tingoti suti yobwereka ija inabwezedwa ilibe dzanja limodzi.

Make mapasa sanalowerere. Anamukokera Chimfine pa kauntala. "Mayi, ine sindinabwere kudzamenyana. Ndinu mkazi mnzanga. Nunkhizani munthu uyu, mundiuze amene anagula fungoli."

"Si wa mphemvu uyu?" Madamu anayamba kuseka, koma kuseka kunathera panjira. Mphuno yake inagwedezeka. Anatseka maso.

"Pichesi watha," anatero pang'onopang'ono. "Atsala maluwa oyera. Koma mwathira ngati mukuzimitsa moto, bambo, mwamuchititsa manyazi perefyumu wabwino." Anatsegula maso. "Mayi, fungo ili palibe anagula. Palibe mkazi m'tauni ino amene ali nalo. Lili m'katoni yosatsegula, m'chipinda umo."

Anaima kaye. Anayang'ana Chimfine, anayang'ana Kolala amene anali pansi akuteteza mutu ndi nyuzipepala, anayang'ana Giya amene ankayenda chammbuyo kulowera kukhomo, livesi yomwe galimoto yake inalibe. Kenako analowa m'chipinda chamkati. Sanachedwe. Atatuluka anapita pakhomo, anaitana mlonda, n'kumuuza kuti aime pomwepo ndipo asatuluke munthu.

"Aa, ndi anzanga a livesi aja!" anatero mlonda mosangalala. Ataona nkhope ya Madamu, anatola chibonga bwinobwino.

Madamu anaimba foni ku polisi. Make mapasa anali asanamvetsebe.

"Ndiye mkaziyo ndi ndani? Ndi wogulitsa wanu?"

"Bigi, pepani," anatero Chimfine.

"Tseka pakamwa!" anakuwa Kolala ali pansi. "Vomera za mkazi! Za mkazi samanga!"

Chimfine anayang'ana Kolala, anayang'ana mkazi wake amene maso ake anali ofiira. Anagwada pakati pa shopu, njuchi imodzi yokhulupirika ikuzungulirabe mutu wake.

"Make mapasa, palibe mkazi. Ndaba. Taba katoni, ili m'buti panjapo. Ndinadzithira ndekha chifukwa sindimamva kanthu. Ndine wakuba, mayi, koma wachimasomaso ayi."

Mkazi wake anamuyang'anitsitsa.

"Lumbirani," anatero make mapasa.

"Ndikulumbira pa mapasa athu."

"Musalumbire pa ana anga. Ndionetseni."

Anatulutsa makiyi m'bulauzi, anatuluka ndi mlonda, anatsegula buti. Katoni inali momwemo, timabokosi tili ndondondo, kabotolo kotsala theka kali pamwamba. Mayiyo anakweza manja kumwamba.

"Zikomo Ambuye! Ndi wakuba chabe! Asisi, bwerani mudzaone, ndi akuba chabe!"

Anti Saluni anabwera, anaona, koma sanasangalale kwenikweni. "Wanuyo ndi wakuba chabe. Wangayu andiuzabe za wamtali uja."

Apolisi awiri anafika ndi galimoto yawo. Sanavutike ndi kufufuza: katundu analipo, mbava zinalipo, mboni zinali zikukanganirana kuyamba kulankhula. Wamkulu wa awiriwo anangoyetsemula kanayi, n'kulamula kuti Chimfine akhale kumbuyo kwenikweni, kumphepo. Kolala anakwera yekha asanauzidwe, n'kupempha kuti chitseko achitseke msanga.

Make mapasa anapempha mphindi imodzi. Anayandikira mwamuna wake amene anali atakhala m'galimotomo maunyolo ali m'manja. Anamukonzera batani la shati, n'kumupukuta mphuno ndi nsonga ya mpango wake.

"Ndinakuganizirani zoipa, bambo a mapasa. Mundikhululukire. Mawa ndibwera ndi bulangeti." Anatembenukira kwa wapolisi. "Mumusamale, bwana. Ndi wopusa, koma ndi wokhulupirika."

Chimfine analira. Zaka khumi ndi ziwiri anali asanamvepo mawu okoma chotero. Wapolisi analiza injini. Make mapasa anabwerera masitepe awiri, akupukuta maso. Kenako anaima.

"Tadikirani kaye. Mayi, m'katonimo munali mabotolo angati?"

"Makumi awiri ndi anayi," anatero Madamu.

"Onse a akazi?"

"Onse."

Make mapasa anatembenuka pang'onopang'ono. Misozi inali itauma.

"Mabotolo makumi awiri ndi anayi a akazi. Inu n'kubwera kunyumba manja lendelende, osanditengerako ngakhale kamodzi." Anayamba kuvula nsapato. "Ndiye mumasungira ndani?"

"Bwana," anatero Chimfine akugogoda thupi la galimoto ndi maunyolo, "chonde, tiyeni tizipita."